Ulusi wa Nsapato pa Mwendo wa Njiwa

1. Kamera ya masiku atatu

Dzina lake lenileni linkatchulidwa kusukulu kokha. Pakhomo aliyense ankangomuti Kadiso, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankatsinzina diso limodzi akamayang'ana chinthu, ngati munthu wolowetsa ulusi m'singano. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ankakhala ndi agogo ake aakazi ndi amalume ake osoka nsapato, m'nyumba ya zipinda ziwiri kumapeto kwa mdadada, kumene msewu umathera pa khoma lalitali la fakitale imene inatsekedwa kalekale.

Kusukulu kwawo kunali kagulu ka ojambula zithunzi. Ana anali khumi ndi awiri, kamera inali imodzi. Aliyense ankakhala nayo masiku atatu, kenako Aphunzitsi ankabwera okha panjinga kudzaitenga, chifukwa sankakhulupirira manja a ana panjira.

Chaka chimenecho panapezeka malo amodzi okaphunzira kujambula patchuthi chonse. Wowatenga anali amene abweretse chithunzi chabwino koposa cha mbalame yolusa. Malamulo Aphunzitsi anawanena ataimirira, chala chili m'mwamba.

"Mbalame muijambule pamene mwaipeza, ikuchita zake. Osaiikira nyambo. Osaiponyera nyama kuti itsike. Osakwera kuchisa. Ikasiya zimene imachita n'kumayang'ana iwe, ndiye kuti wayandikira kwambiri, bwerera m'mbuyo. Wophwanya limodzi mwa amenewa, kaya chithunzi chake chikongole bwanji, dzina lake ndidzalifufuta ndi dzanja langa lomweli."

Kwa anzake, malo amenewo anali chinthu chosangalatsa chabe. Kwa Kadiso sizinali choncho. Amayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za anthu kumzinda wina, ndipo anali atalankhula kale pafoni, mosazungulira.

"Abwana anga akufuna mtsikana wolera mwana. Sukulu ikatseka, Lachisanu lomwelo ukwere basi. Ukapambana zojambulazo ndikusiya, ndione kuti zili ndi tsogolo. Ukalephera, usandivutitse."

Kadiso ankadziwa atsikana atatu a mumdadada womwewo amene anakwera basi yotero patchuthi. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwerera m'kalasi.

Kamera anaitenga Lachinayi. Aphunzitsi anati adzaitenga Loweruka, folo koloko.

Mbalame yolusa inalipo, sanachite kuifuna kutali. Kabawi ankakhala pamwamba pa thanki ya madzi ya fakitale ija, ndipo tsiku lililonse ankazungulira pamwamba pa nyumba zawo. Koma ankazungulira kutali. Lachinayi ndi Lachisanu, ataweruka kusukulu, Kadiso anaima padzuwa khosi lili m'mwamba, n'kupeza zithunzi makumi asanu ndi limodzi za kadontho kakuda.

Amalume anayang'ana pakagalasi ka kamera, milomo italuma timisomali.

"Yakongola ntchentcheyi. Yagwera mumkaka wa ndani?"

"Ndi kabawi, Amalume."

"Oo, pepa. Ndiye umuuze ayandikire. Kapena ndimulembere kalata?"

Kadiso sanaseke. Mnzake wina wa m'kagulu, amene bambo ake ali ndi galimoto, anali atapita ndi bambo akewo kutali n'kubwerako ndi chithunzi cha chiwombankhanga chooneka mpaka m'maso.

2. Alendo a Agogo

Agogo anali munthu woopa. Ankaopa mawaya a magetsi, ankaopa agalu ogona, ankaopa foni ikamatchajidwa, ankaopa madzi oima ndi madzi oyenda. Wina akachedwa kubwera, ankakhala atamuika kale m'chipatala m'maganizo mwawo. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkawakhazika mtima pansi. M'mawa uliwonse ankatuluka kuseri kwa nyumba ndi mbale yachitsulo yosupuka m'mbali, n'kumwaza mpunga wotsala ndi nyenyeswa za buledi pakati pa bwalo.

Njiwa zinkawadziwa. Zikangomva supuni ikugunda mbale, zinkatsika pakhoma ngati zaitanidwa ndi maina. Mwa zonsezo munali kamodzi kopindika mwendo, kamene Agogo ankakatcha Katsimphina. Zinzake zinkakapondereza, ndiye Agogo anayamba kukadyetsa pachikhatho. Miyezi itapita, kanafika potera padzanja la munthu aliyense wa pakhomopo.

Loweruka limenelo Agogo anamwaza mpunga, koma maso anali pa mdzukulu wawo, amene anakhala pamgolo wa madzi kamera ili pamiyendo.

"Tamvera kuno, mkazi mnzanga," anatero Agogo, monga ankamutchulira akafuna kumufewetsa. "Sunadye dzulo, ndakuona. Chinthu cha eni akecho usakhale nacho pamgolo, chigwera m'madzi. Usakwere nacho pakhoma, pali waya waminga. Usaime nacho pansi pa magetsi, chitsulo chimaitana moto. Ndipo kabawi wakoyo umusiye ali kumwamba komweko. Ndili mtsikana, mwana wa anansi athu ankaponya matumbo a nkhuku m'mwamba kuti kabawi aziwakha. Anthu ankaseka, ankati mwana wanzeru. Tsiku lina mng'ono wake anatuluka panja ndi kanyama m'manja, akupita nako kukamwa. Kabawi sanafunse kuti nyamayi ndi ya ndani. Anang'amba kuyambira apa mpaka apa." Agogo anajambula mzere ndi chala kuchokera pachikope kufika pachibwano. "Mwanayo anakula ndi diso limodzi. Chamoyo cha kutchire ukachizoloweretsa dzanja, wachiwononga, ndipo pamapeto pake wina amalira."

Amalume anali kudutsa ndi benchi yawo kupita nayo kukhonde.

"Nanga zanuzi, Amayi, simukuzizoloweretsa dzanja? Kabawi mukumutukwanayo mwamuitana ndinu. Mwamutsegulira lesitilanti pabwalo, chakudya chake chimabwera chokha naini koloko."

"Njiwa si chilombo. Awa ndi alendo anga."

"Alendo osatsuka mbale."

"Pita ukasoke nsapato zako, wadazi iwe."

Kadiso anamva zonse, koma mawu amene anatsala m'mutu mwake anali a Amalume. Chakudya chake chimabwera chokha. Anayang'ana Katsimphina kakujompha pachikhatho cha Agogo, natsinzina diso limodzi.

3. Ulusi wosaduka

Dzuwa litafika paliwombo, Agogo anakagona kuchipinda chifukwa cha mawondo, wailesi ikulira chapansipansi. Kukhonde nyundo ya Amalume inkagogoda. Itangosiya, Amalume akukambirana ndi mayi wina za chidendene, Kadiso anapisa dzanja m'bokosi la zida. Anatulutsa ulusi wakuda wosokera nsapato ndi msomali umodzi wautali.

Ulusi wa Agogo wosokera zovala unalipo, pawindo pomwepo. Anausiya dala. Anaganiza kuti umenewo ungaduke njiwa ikakoka, n'kuthawa nthawi isanakwane.

Pulani yake inali yotere. Amange njiwa pakati pa bwalo. Iye abisale kuseri kwa mgolo. Kabawi akatsika, adine batani, akuwe mwamphamvu, kabawi adzidzimuke abwerere. Njiwa siikhudzidwa. Akatha aimasule, aipatse mpunga, ndipo palibe amene adziwe.

Ana akapanga pulani amayesa kuti nyama nazo zaimva.

Anatambasula chikhatho chili ndi mpunga. Sizinatenge nthawi. Katsimphina kanatsika pakhoma, kanatera pazala zake, kanayamba kutola. Kadiso anatseka dzanja linalo pamsana pake. Kanali kofunda, kamtima kake kakugunda pachala chake. Sikanaphuphe n'komwe. Kanangopendeketsa mutu kuyang'ana mpunga umene unagwa pansi.

Anamanga mfundo ziwiri pa mwendo wabwinowo. Anayeza ulusi mapazi asanu, namanga nsonga inayo kumsomali, n'kuukhomera pansi ndi mwala. Dothi linali louma, lofumbutuka. Anaona kuti msomaliwo ukugwedera, koma anati njiwa ili ndi mphamvu zanji.

Ulusi wa nsapato anaupanga kuti usaduke. Munthu amaupondaponda chaka chathunthu, m'matope ndi m'miyala, nsapato n'kutha, ulusi uli chikhalire. Komanso amaupaka phula, moti ukakhudza chinthu umakakamira. Mwana wokulira m'nyumba ya wosoka nsapato anayenera kudziwa zimenezi. Ankazidziwa, n'chifukwa chake anausankha.

Anadzifunditsa chiguduli kuseri kwa mgolo. Katsimphina kanatha mpunga, kanafuna kubwerera pakhoma. Ulusi unakakoka, kanagwa chafufumimba. Kanayesanso, kanagwanso. Kachisanu kanangokhala, mlomo uli yasa, mapiko atagwera m'fumbi.

Wani koloko inakwana. Thukuta linkalowa m'maso mwa Kadiso. Thu koloko inakwana. Kawiri konse anaika kamera pansi kuti akamasule njiwayo, ndipo kawiri konse anaona basi ija m'maganizo n'kuinyamulanso.

Kenako mpheta zimene zinkasokosera padenga zinangoti zii.

Mthunzi unadutsa pabwalo. Kadiso anaika diso pakamera. Sanamve mapiko. Anangoona bwalo lopanda kanthu, ndipo nthawi yomweyo bwalo linadzaza nthenga ndi zikhadabo. Chala chinadina chokha, katatu. Pakamwa anatsegula kuti akuwe, koma pamene mawu ankafika pakhosi, zonse zinali zitatha.

Kabawi ananyamuka ndi njiwa. Msomali unazuka ngati udzu. Ulusi unatsatira m'mbuyo, msomali ukuvina kunsonga. Podutsa pamwamba pa khoma, msomali uja unakola waya waminga, unazungulira kawiri, unagwira. Kabawi anabwezedwa m'malere ngati wakokedwa ndi dzanja. Anatembenuzika, ulusi unazinga mwendo wake womwe, ndipo anamenyeka pakhoma.

Analendewera chadodolido, mutu pansi, phiko limodzi litakodwa paminga. Pambali pake pankalendewera Katsimphina, kosagwedezeka.

4. Pakhoma

Kadiso anayang'ana pakagalasi. Chithunzi choyamba chinali fumbi lokhalokha. Chachitatu chinali mchira. Koma chachiwiri chinali china. Mapiko onse awiri anali otambasuka, nthenga iliyonse yowerengeka, diso lachikasu likuwala, zikhadabo zitatsala pang'ono kugwira. Ulusi sunaoneke. Unali wakuda, pamthunzi wakuda.

Khoma limenelo lili kuseri kwa nyumba. Aphunzitsi amalowera kumaso. Kuseri kwa khomalo kulibe munthu, kuli tchire la fakitale. Kukhonde nyundo inali itayambanso kugogoda.

Kadiso analowa m'khitchini, natseka chitseko, nakhala pansi kamera ataikumbatira. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Panatsala ola ndi theka.

Kunja mapiko ankamenya khoma. Pha pha pha pha. Kenako chete. Pha pha pha. Chete wautali. Anatseka makutu ndi zikhatho, koma ankamvabe. Pha. Pha. Ulendo uliwonse kumenyako kunkachepa.

Anaika kamera pashelefu, nathamangira kukhonde.

"Amalume, tabwerani kuseri. Mutenge mpeni."

"Wapha ndani?"

"Chonde, tabwerani."

Amalume anayang'ana nkhope yake, nalavula timisomali m'dzanja osanenanso nthabwala. Atafika kuseri anaima, manja m'chiuno. Anayang'ana mbalame, anayang'ana chingwe chakudacho, anayang'ana kadzenje ka msomali pakati pa bwalo.

"Uwu ndi ulusi wanga."

"Inde, Amalume."

"Tikambirana. Thira pansi madzi a mumgolowo, tiugubuduzire kukhoma. Utenge tebulo ndi bulangete langa."

Phokoso la mgolo linadzutsa Agogo. Anatuluka akutsimphina, akumanga nsalu. "Madzi onsewa mwatayiranji? Muterereka, muthyoka misana, ine ndinyamula ndani?" Kenako anakweza maso. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pansi pa khoma, nayang'anitsitsa kamwendo kopindika kaja.

Anangogwira mgolo ndi manja onse awiri.

Amalume anakwera pamgolo ndi bulangete. Kabawi atawaona anapeza mphamvu zotsala. Anatsegula mlomo, anakupiza phiko lomasukalo, minga inalowa kwambiri m'phiko linalo, ndipo magazi anadontha pakhoma.

"Usamuyang'ane m'maso," Agogo anayamba, maso awo ali otsinzina. "Bisa nkhope. Wayayo ali ndi dzimbiri, akakubaya nsagwada zimauma. Usaponde m'mphepete, mgolo upendama. Ndinakubala ndi zala khumi, ubwere nazo zonse. Mulungu wanga, chaka chino chikufuna chiyani kwa ine?"

Amalume anaponya bulangete, naphimba mutu wa mbalame, naikumbatira pachifuwa. Inaleka kuphupha. Koma mwendo womasuka unatulukira pansi pa bulangete, ndipo zikhadabo zinalowa pamkono wawo. Amalume anakukuta mano.

"Manja anga onse agwira. Kadiso, kwera patebulo. Dula."

"Asakwere mwanayo," anatero Agogo.

"Amayi, wamanga ndi iyeyu. Akwere."

Kadiso anakwera. Tebulo linkagwedera. Anaika mpeni paulusi, koma ulusi unangotsetsereka. Unali utazinga mwendo wa kabawi kanayi, utalowa m'mnofu mpaka osaoneka.

"Sukuduka, Amalume."

"Ndimagula wosaduka, anthu asamandinene. Ukoke uwongoke, ndiye ucheke. Fulumira, akundimaliza mkono."

Anakoka, anacheka. Chingwe chimodzi chinaduka. Anapisa nsonga ya mpeni pansi pa china, magazi ofunda akuyenderera pazala zake, osadziwa ngati ndi a mbalame kapena a amalume ake. Chachiwiri chinaduka, chachitatu. Katsimphina kanagwa pansi, pamapazi a Agogo. Kenako Kadiso anakweza phiko lija pang'onopang'ono, nthenga imodziimodzi, kulichotsa paminga.

Anamuika kabawi m'katoni ya nsapato zakale, ataboola timabowo, n'kuilowetsa m'chipinda chochezera pansi pa tebulo, pozizira. Phiko linali lolendewera. Mwendo unali utatupa. Koma diso lachikasu lija linali lotsegula.

Agogo anatola Katsimphina, nakafukata m'nsalu. Anakhala pakhomo la khitchini. Kadiso anagwada pafupi nawo, akudikira kukalipiridwa. Agogo analankhula motsitsa, maso ali pansalu.

"Kanakuvuta kugwira?"

"Ayi, Agogo. Kanabwera kokha."

"Kanabwera kokha. Njiwa ya kutchire, munthu ukangotukula dzanja imakhala itafika kale uko. Akaka ndinakachotsa mantha ndine, tsiku ndi tsiku, ndi mpunga wanga. Ndinakaphunzitsa kuti dzanja la munthu ndi chakudya. M'mawa uno ndimakuuza za mwana wa anansi athu, ine ndili ndi mbale m'manja. Iwe wamanga mfundo, koma amene anakabweretsa padzanja lako ndine. Usaganize kuti ndikukuchotsera mlandu. Wako ulipo, waukulu. Unakhala pamenepo ukukaonerera kakugwa m'fumbi. Zimenezo udzazikumbuka uli ndi imvi ngati zangazi."

Kumsewu kunalira belu la njinga.

5. Folo koloko

Agogo anadzidzimuka. Anabisa nsalu ija kuseri kwa chitseko, nagwira Kadiso padzanja mwamphamvu.

"Chithunzi chilipo?"

"Chilipo."

"Ulusi ukuoneka?"

"Ayi."

"Ndiye utseke pakamwa. Samba m'manja. Ndinataya amayi ako ndi basi imeneyo, ndimangowamva mawu m'kachitsulo. Iwe sukwera. Tchimo lake likhale langa, ndakalamba kale. Iwe wadazi, vala jekete, ubise mkonowo."

Amalume anayang'ana amayi awo, kenako anakavala jekete, dzuwa likuswa mtengo.

Aphunzitsi analowa akupukuta thukuta. Anapereka moni kwa Agogo ndi manja awiri, nafunsa za mawondo. Anakhala pampando, mapazi awo pafupi ndi katoni ija. Kadiso anawapatsa kamera.

Aphunzitsi anadutsa timadontho takuda tonse tija akupukusa mutu. Kenako chala chinaima. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Unaima pati?"

"Kuseri kwa mgolo, Aphunzitsi."

"Unadikira nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri."

"Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikujambula mbalame. Chotere ndilibe." Anatembenukira kwa Agogo. "Mayi, mdzukulu wanuyu ali ndi diso, komanso ali ndi chipiriro. Kwatsala ana awiri oti atenge kamera, koma ndinene pano pomwe, sindikuona amene angapose ichi. Ayambe kulongedza chikwama."

Pansi pa tebulo panamveka kukanda. Khwee. Khwee.

Aphunzitsi anabweza mapazi. "Muli chiyani umu?"

"Nsapato za eni ake," anatero Agogo mwachangu. "Makoswe, Aphunzitsi. Amakonda guluu. Atisautsa chaka chino."

Kadiso anali asanamvepo agogo ake akunama. Anawayang'ana. Nkhalamba ija inali itagwira nsonga ya mpango, ikuipotokola, maso ali pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Amalume anaima pakhomo m'jekete yawo, ndipo dontho lofiira linali kutsika pachala chawo chaching'ono.

Kadiso anapisa m'thumba la siketi. Anatulutsa ulusi wodukaduka, womata magazi ndi tinthenga, naika patebulo pafupi ndi kamera.

"Mkazi mnzanga," anatero Agogo chonong'ona.

"Si makoswe, Aphunzitsi. Ndi kabawi wa pachithunzipo. Njiwayo ndinaimanga ndi ulusi uwu. Inafa. Kabawi anakodwa pawaya, wavulala phiko ndi mwendo. Agogo ndi Amalume sanadziwe kanthu mpaka zitachitika."

Aphunzitsi anagwada, natsegula katoni pang'ono, nasuzumira, natsekanso.

"Ukanakhala chete, sindikanadziwa."

"Ndikudziwa, Aphunzitsi."

Agogo anatsika pampando, nagwada ndi mawondo awo owawa aja. "Bambo, ine sindinapite kusukulu, malamulo anu sindiwadziwa. Koma mwanayu akapanda kupeza malo amenewo, Lachisanu akwera basi kukalera ana a eni ake. Wanena yekha, simunamufunse. Zimenezo sizingalipire?"

Aphunzitsi anawadzutsa ndi manja awiri. "Mayi, musandigwadire. Zoona wanenazo ndazimva, ndipo sindidzaziiwala. Koma ndikapereka malo chifukwa cha chithunzi ichi, chaka chamawa ana khumi ndi awiri adzabwera ndi ulusi m'matumba. Wina adzamanga mwanapiye, wina khoswe, wina adzakwera kuchisa. Ndinanena pamaso pa onse kuti ndidzafufuta dzina. Ndilifufuta."

Kadiso anagwedeza mutu. Misozi inkagwera pasiketi. Anatambasula dzanja kukamera. "Ndichifufute chithunzicho?"

"Chisiye. Lolemba udzaima kutsogolo kwa anzako, chithunzi dzanja ili, ulusi dzanja ilo. Udzawauza wekha. Tsopano tithamange. Ndikudziwa dokotala wa ziweto amene amalandira mbalame, amatseka faifi koloko. Ndipo inu akulu, vulani jeketeyo, mkonowo ukaonedwe kuchipatala lero lomwe."

"Ndimati ndayamba fasho," anatero Amalume, koma palibe amene anaseka.

6. Pamwamba pa thanki

Anamangirira katoni pakaliyala ya njinga ndi mphira. Aphunzitsi atangoika phazi papedulo, anaima, napendeketsa mutu.

Kunkamveka kulira kwina, kopyapyala, kosalekeza, kochokera kumwamba. Anatulutsanso kamera m'chikwama, naloza kuthanki ya fakitale, nazunguliza galasi mpaka kumapeto. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapatsa Kadiso.

M'mphepete mwa thanki munali mulu wa timitengo. Pamwamba pake panali timitu tiwiri toyera, taubweya, milomo ili yasa kuloza kumwamba.

"M'katonimu muli mayi," anatero Aphunzitsi. "Ngati wamwamuna alipo, mwina apitiriza kuwadyetsa. Wakhala ukuyang'ana kumwamba masiku atatu. Unaona akabawi angati?"

"Mmodzi."

"Ndi dzuwa ili, tiana totero sitipyola masiku awiri. Ndifunsa adokotala chochita. Koma mundimvere nonse. Makwerero a thankiyo anadyeka ndi dzimbiri. Wina asayerekeze kukwera ndisanabwere."

Njinga inanyamuka, katoni ikugwedera kumbuyo.

M'nyumba foni inayamba kulira. Loweruka lililonse madzulo amayi ake ankaimba. Kadiso anakaitenga yekha, natuluka nayo panja.

"Amayi, malo aja ndataya. Ndataya ndekha, palibe wandilanda. Basi ndikwera. Koma pali ana awiri a mbalame amene ndawachotsera mayi wawo lero, ndipo sindingachoke ndisanaone mapeto ake."

Kumbali inayo kunkangomveka mwana wa abwana akulira chapatali.

"Apatse foni agogo ako," anatero amayi ake.

Agogo anapukuta dzanja pansalu, nalandira foniyo ndi zala ziwiri, monga ankachitira nthawi zonse poopa kuti ingawaphulikire. Asanaiike kukhutu, anayang'ana mdzukulu wawo. Kadiso anali atatembenukira kuthanki. Diso limodzi linali lotsinzina, ndipo milomo yake inkayenda, ikuwerenga zitsulo za makwerero kuyambira pansi.

Agogo anamugwira pamkono ndi dzanja linalo, zala zikulowa m'mnofu.

"Halo, mwana wanga," anatero m'foni, osamasula dzanjalo. "Khala pansi kaye. Usandidule mawu mpaka nditamaliza."